Ngongole ya Laitofu

Lufina Goliati sankagula chinthu asanapise dzanja mpaka pansi. Alimi a ku Tsangano ankamudziwa bwino. Akangomuona akutsika m'lole, chitenje atachimanga m'chiuno ngati wopita kodula nkhuni, ena ankayamba okha kukhuthula ndowa zawo za mbatatesi, podziwa kuti zikuluzikulu zoika pamwamba sizimupusitsa mayi ameneyu. Dzanja lake linkalowa mpaka m'chigongono, n'kutuluka ndi kambatatesi konga dzira la nkhunda. Ankakakweza m'mwamba kuti msika wonse uone.

"Kameneka n'ka ndani? Mukufuna ndikadyetse mbewa?"

Ngakhale kutchalitchi, dengu la zopereka za masika likamadutsa, dzanja limenelo linkamuyabwa.

Lolemba lina m'mwezi wa Juni dzanjalo linali ndi ntchito ina. Linagwira envulopu ya khaki, ndipo kuchokera pa Sharpevale mpaka paboma la Ntcheu silinaisiye. M'minibasi Lufina anakhala kutsogolo, maso ali pa dalaivala, kuona mmene ankasinthira magiya. Masabata awiri okha, nayenso akhala ndi galimoto yake. Zaka khumi ndi chimodzi wakhala akulipira malole a eni ake, kudikira pamsewu matumba akupsa ndi dzuwa, okazinga tchipisi a pa Sharpevale ndi ku Kasinje akumuimbira foni kuti mafuta atentha kale pachiwaya, mbatatesi zili kuti? Zonsezo zinali pafupi kutha.

Asanapite kubanki anadzera kugalaja ya Maliro, kuseri kwa depoti. Pikapu imene ankafuna kugulayo inali pomwepo pansi pa mtengo wa mango, yoyera, matayala akuda bii.

"Abwana afika!" anakuwa Maliro akutuluka pansi pa minibasi ina, sipanala ili m'manja. "Mwabwera kudzampatsa moni mwana wanu?"

"Ndabwera kudzaona ngati simunamuchotse chiwindi."

"Inu mayi a Zione! Galimotoyi mwaipisa kanayi. Mwatsegula boneti, mwanunkhiza oyilo, mwagona pansi pake ndi chitenje chatsopano. Chatsala n'chiyani, kuifunsa mfunda wake?"

Mbiri ya pikapuyo Lufina ankaidziwa, chifukwa Maliro sanabise. Inagubuduzika pamtsetse wina kufupi ndi Lizulu, denga n'kuphwanyika. A inshuwalansi ataiona anati ndi laitofu, kutanthauza kuti m'mabuku mwawo yafa. Maliro anaikoka pachingwe, n'kuiwongola miyezi isanu ndi itatu mpaka inadzuka. Tsopano injini yake inkalira mosalala ngati mphaka wokhuta.

"Koma malire ndi pa sate mwezi uno, mayi," anatero Maliro akupukuta manja. "Pali mkulu wina wa ku Champiti, ndalama zake zili kale m'jumbo. Ndikumuletsa chifukwa cha inu."

"Muuzeni akagule ngolo. Lero ndikukasaina."

Anasisita boneti kawiri, n'kumapita.

Kubanki anamulandira Emma, mtsikana woona za ngongole, amene anamuthandiza kulemba mafomu mwezi wathawo. Zonse zinali m'malo mwake. Banki inkafuna kuti Lufina aike yekha mamiliyoni awiri, zotsalazo imubwereke. Mamiliyoni awiriwo analipo, osonkhanitsidwa thumba ndi thumba, ndipo pamwamba pake panali K150,000 yokha, mpamba wa sabata imeneyo.

"Chatsala chimodzi, Mayi Goliati," anatero Emma akumwetulira. "Masiku ano tisanabwereketse munthu timafunsa kaye kuofesi yosunga mbiri ya ngongole za anthu. Amatitumizira lipoti lanu. Ndi mwambo chabe."

"Funsani, mwanawe. Funsani ndi kumwamba komwe. Ine ndilibe ngongole ndi munthu, ngakhale ya mchere."

Makina osindikiza analira, pepala linatuluka. Emma analiwerenga, kumwetulira kuja n'kuzimirira pang'onopang'ono.

"Mayi, mu 2014 munabwerekako ndalama ku kabungwe kena kothandiza amayi a bizinesi?"

Lufina anaseka mpaka mlonda wa pakhomo anasuzumira.

"Imeneyo? Imeneyo anaifufuta kalekale! Mpingo wonse ukudziwa."

Inali nkhani imene ankakonda kuikamba. Chaka chimenecho anabwereka K180,000 n'kudzala tomato m'dimba la ku Bwanje. Mu Januwale madzi anasefukira, tomato yense anapita pamodzi ndi timitengo take. Anabweza kanayi, kenako analephera. Zaka ziwiri zathunthu Silvester, wotolera ngongole wa kabungweko, ankabwera pa njinga yamoto, Lufina n'kumabisala m'nkhokwe. Ndiye tsiku lina Silvester anafika nkhope ili yofewa, n'kunena kuti, "Mayi, ngongole yanu ija taifufuta." Lufina anaimba nthungululu mpaka agalu a mudzi wonse anauwa. Anagwira tambala wofiira, yekhayo amene anali naye, n'kumumangirira Silvester pakeliyala ya njinga yake. Lachinayi lotsatira anaimirira pamsonkhano wa amayi kutchalitchi n'kuchitira umboni kuti Mulungu amafewetsa ngakhale mitima ya anthu a ngongole. Amayi ena analira.

Emma anatembenuza pepalalo kuti Lufina aone, n'kuloza ndi cholembera.

"Mawu ali apawa ndi achingerezi. Akuti laitofu. Kufufuta kwa kuofesi si kukhululuka, mayi. Amangochotsa ngongoleyo m'buku la ndalama zimene akuyembekezera. Koma inu mumakhalabe nayo. Onani mzere wachiwiriwu. Kabungwe kaja kanatsekedwa, ndipo ngongole yanu ili m'manja mwa kampani ina yotolera ngongole ku Blantyre. Akuti yafika K612,000."

"Zingati?"

Emma anabwereza.

Manyazi anamugwira Lufina. Sizinali ndalamazo zokha. Anakumbukira nkhope za amayi a Lachinayi lija, ndi Mayi Abusa akumukumbatira. Zaka zonsezi iye akuyenda mutu uli m'mwamba, dzina lake linali litagona m'kompyuta ya anthu osawadziwa, litalembedwa kuti wosabweza. Iye amene amapisa ndowa ya mlimi aliyense, mawu amodzi okha anawalandira pamwamba, osapisa.

"Ndiye galimoto yapita?"

"Lipoti lili chonchi abwana sangasaine," anatero Emma motsitsa mawu. "Koma njira ilipo. Mukagwirizane ndi a ku Blantyre. Mukalipira, akupatseni kalata ya chidindo yonena kuti nkhani yatha, ndipo adziwitse ofesi ya malipoti ija. Dzina silichoka tsiku lomwelo, koma pamene palembedwa kuti simunabweze padzalembedwa kuti munamaliza. Kalata imeneyo ikafika patebulo panga, ine ndilowa nayo kwa abwana. Ndipo ngati nambalayi mukuiona kuti ndi yolakwika, muli ndi ufulu wotsutsa, bola mukhale ndi malisiti."

Lufina anawerengera m'mutu, poti masamu a ndalama sankamuvuta. Akachotsa K612,000 pa mamiliyoni awiri aja, banki ikana. Akapanda kulipira, banki ikananso. Anapinda lipotilo kanayi n'kuliika m'envulopu.

"Silvester ameneyu ndikudziwa kumene amakhala," anatero akuimirira.

Silvester anali atasiya kale za njinga yamoto. Tsopano ankakhala m'kakontena pafupi ndi msika, kutumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni. Anali atanenepa. Ataona Lufina akubwera molunjika, anthu akupatuka okha, anayesa kuwerama ngati akufuna china pansi pa kauntala.

"Dzukani, achimwene. Ndabwera kudzatenga tambala wanga."

"Tambala uti, mayi?"

"Wofiira. Wa lipombo logwera kumanzere. Munamudya ndi chiyani, mpunga?"

Anthu amene anali pamzere anayamba kuyandikira. Lufina anatambasula lipoti pakauntala n'kulimenya ndi chikhatho. Silvester analiwerenga.

"Koma ine sindiname, mayi. Ndinati taifufuta. Tinaifufutadi, m'mabuku athu."

"Athu! Mawu akuti athu munawasiya kuti tsiku lija? Anagwa panjira?"

"Ndimati ndifotokoze bwinobwino. Koma inu munali mutayamba kale nthungululu. Munthu akuimba nthungululu mungamudule bwanji? Pamene ndimati nditsegule pakamwa, tambala anali ali kale pakeliyala, miyendo yomanga."

Mzere wonse unaphulika ndi kuseka. Mayi wina wobereka mwana anachita kugwira khoma. Lufina nayenso kuseka kunamufika pakhosi, koma anakumeza.

"Ndiye ndinakachitira umboni wabodza m'nyumba ya Mulungu chifukwa cha inu."

"Pepani, mayi. Chingerezi chimenechi ngakhale ife chinkativuta. Abwana anangoti kauzeni kuti tafufuta, musapitekonso, petulo akutha pachabe."

"Nanga a ku Blantyre dzina langa analitola kuti?"

Silvester anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Bungwe litagwa, mafayilo onse a anthu olephera anawamanga pamodzi n'kuwagulitsa. Ngati belo la kaunjika, mayi. Wogula sanasankhe kuti uyu ndani, uyu ndani. Anangonyamula."

"Anagulitsa ngongole? Ngongole imagulitsidwa?"

"Chilichonse chimagulitsidwa."

Lufina anatenga pepala lake. "Tambala ameneyo ndi ngongole, achimwene. Ndipo ine sindifufuta."

Lufina anabwerera kugalaja. Anakhala pa tayala lakutha pafupi ndi pikapu, n'kumufotokozera Maliro zonse. Maliro anakanda m'mutu ndi sipanala.

"Zosavuta izi. Zione wanu uja wakwanitsa zaka zingati? Twente-thuu? Chiphaso ali nacho, dzina lake ndi loyera ngati pepala. Lembani ngongoleyo m'dzina lake. Anthu akuchita zimenezo tsiku ndi tsiku. Pa sate galimoto mwatenga."

Lufina anayang'ana pikapuyo. Anadziona ali m'katimo, matumba makumi awiri kumbuyo, akutsika mapiri a Tsangano dzuwa lisanatenthe. Zione sangakane, ndi mwana womvera. Angosaina, basi. Dzanja linali litayamba kale kufufuza foni m'chikwama.

Kenako anaganiza za madzi a mu Januwale muja. Sanawaitane, anangobwera. Galimoto nayo ikhoza kugubuduzika, inagubuduzikapo kale. Ndiye tsiku lina Zione, atamaliza kosi yake ya unamwino, adzakhale pampando uja kubanki, makina alire, pepala lituluke, mtsikana wina amuuze kuti mayi, dzina lanu ndi lakuda. Dzina la mayi ake lili m'matope, ndiye atengenso la mwana akapondepo?

Anabweza foni m'chikwama.

"La Zione lisiyeni. Sanadye nawo tomato ameneyo."

"Kaya inu. Tandionetsani pepalalo."

Maliro analigwira m'mphepete ndi zala ziwiri kuti asalidetse. Anawerenga pang'onopang'ono, kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka anatsamira pikapu.

"Mayi a Zione! Apa alemba kuti laitofu! Inunso ndinu laitofu? Ndiye mukuyenerana ndi galimotoyi, mtundu umodzi!"

Lufina anati amukalipire, koma liwu lakuti laitofu linamuimitsa. Kubanki kuja Emma anatchula liwu lomweli, koma makutu ake anali atatsekeka ndi manyazi. Tsopano linalowa. Anayang'ana pepala, anayang'ana pikapu. Galimoto imene eni ake anati yafa, koma iyo ili apa, matayala anayi. Sinasowe. Inangogulitsidwa.

Anaimirira pang'onopang'ono.

"A Maliro. Galimotoyi munaigula zingati?"

"Aaa, zimenezo safunsa."

"Sindikufuna kutsitsa mtengo, tinagwirizana kale. Ndikufunsa, a inshuwalansi atati ndi laitofu, inu munapereka zingati?"

Maliro anayang'ana kumsewu ngati wina akumuitana. "Mtengo wa zitsulo."

"Zingati?"

"Mwina limodzi mwa magawo khumi a mtengo wake. Mwinanso osafika. Laitofu sagula ndi ndalama zenizeni, mayi. Mwini wake amakhala atataya kale mtima, chilichonse chimene mungam'patse amalandira."

Lufina anawomba m'manja kamodzi, mwamphamvu, mpaka nkhuku zimene zinkatola pansi pa mango zinabalalika.

"Belo la kaunjika! Anandigula pa mtengo wa zitsulo! Anthu amenewa sanandibwereke ngakhale wani tambala. Anatola fayilo yanga pamulu, mwina pa mtengo wa thumba limodzi la mbatatesi, lero akuti sikisi handiredi sauzande? Amenewa si a banki, a Maliro. Ndi mavenda anzanga!"

"Ndiye?"

"Ndiye venda ndi venda amanenerera! Ndipatseni mpando."

Nambala ya kampaniyo inali m'munsi mwa lipoti. Lufina anakhala pa mpando wa minibasi wochotsedwa, anakonza mpango kumutu ngati woyankhayo amuona, n'kuimba. Anaika foni pa sipika kuti Maliro amve.

Anayankha mwamuna wa mawu osalala, amene anati dzina lake ndi Maynard. Atamva dzina la Lufina ndi nambala ya fayilo, mawu aja anauma.

"Mayi Goliati, takhala tikukufunani nthawi yaitali. Mwachita bwino kudzipereka nokha. Ngongole yanu ndi K612,000, ndipo ikukwera mwezi uliwonse. Mukachedwa nkhaniyi ipita kukhoti, akatundu anu adzalandidwa."

"Zikomo, bambo. Ndamva. Ndifunse nawo, fayilo yangayo munaigula zingati?"

Maliro anatseka pakamwa ndi dzanja lamafuta.

"Mayi, funso limenelo silikukhudzana ndi nkhaniyi."

"Likukhudzana. Ine ndimagulitsa mbatatesi, bambo. Ndikagula thumba pa mtengo wakuti, ndimadziwa pamene ndingatsikire osaluza. Inunso mukudziwa. Ndiye tisatayitsane mayunitsi. Mtengo wanu weniweni ndi uti?"

"Kuno si kumsika, mayi."

"Fayilo imeneyo yakhala pashelefu panu zaka zingati? Yakubweretserani zingati? Lero mwini wake wakuimbirani yekha, ndi mayunitsi ake. Mukandiopseza ndidula foni, mudikirenso zaka zina zisanu."

Anamva mapepala akusanthulidwa, kenako kunong'onezana.

"Mukalipira kamodzi sabata ino, tikhoza kuchotsako chiwongoladzanja china. Tinene K450,000."

Lufina anayang'ana Maliro, maso akuwala. Mphindi imodzi yokha, ndalama zoposa mpamba wake wonse zagwa pansi ngati mankhusu. Ndowa imeneyi inali ndi zing'onozing'ono zambiri pansi.

"Mwayamba bwino. Koma ndiuzeni, m'fayilomo alemba kuti ndinabweza kangati?"

"Palibe chimene munabweza, mayi."

"Palibe?"

"Fayilo ikusonyeza choncho."

"Ndinabweza kanayi, bambo. Belo lanu munagula losasankha, simunaone kuti malaya ena ndi ong'ambika."

"Ngati muli ndi umboni, mubweretse. Koma kuti zinthu zifulumire, tumizani kaye kangachepe pafoni lero, tikulembani kuti mwayamba."

"Pafoni? Kuti mawa mudzandiuze mawu ena achingerezi? Iyayi. Ine ndalama ndimapereka dzanja ili, dzanja linali likulandira kalata ya chidindo. Ofesi yanu mumatsegula nthawi yanji?"

"Hafu seveni. Koma mayi…"

"Lachitatu mundiona. Mudzandizindikira, ndine wamtali."

Anadula foni. Maliro anali atakhala pansi m'fumbi, misozi ikutsika ndi kuseka.

"Mayi inu! Munthu wa tayi mwamunenerera ngati kabichi!"

"Sindinayambe. Inu galimotoyi muisunge. Wa ku Champiti akabwera mumuuze kuti mwataya makiyi."

"Mpaka pa sate, mayi. Kupitirira apo nanenso ndili ndi ana."

"Pa sate ndi kutali."

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa mapiri. Mwamuna wake Julius anali pakhonde akukonza mpini wa khasu. Anayang'ana kumsewu kumene mkazi wake anachokera, ngati pikapu ikhoza kumutsatira pambuyo.

"Mwasaina, mayi a Zione?"

"Sutikesi ya bambo ili kuti?"

"Pamwamba pa kabati, pamene imakhala. Kwagwanji?"

Lufina anafotokoza akukwera pampando. Sutikesiyo inali yachitsulo, yobiriwira, imene bambo ake anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni iye asanabadwe. M'menemo munkalowa pepala lililonse la pabanjapo. Anaitsitsa, anaitsegula pakati pa nyumba, n'kupisa dzanja. Linadutsa makadi a sikelo a ana, linadutsa makalata a ubatizo, makuponi akale a feteleza, chithunzi cha ukwati wawo. Linalowa mpaka m'chigongono.

Julius anaima pakhomo, mpini uli m'manja. "Ndiye umboni uja munachitira kutchalitchi?"

"Ndikauchitiranso wina. Woona."

"Bwanji osangoisiya nkhaniyi? Takhala zaka zonsezi popanda galimoto. Anthu a m'tauni amenewa akakutsekerani."

"Atsekere kasitomala? Bambo a Zione, munaona kuti wogulitsa akumanga munthu amene wabwera ndi ndalama?"

Zala zinagunda kapepala ka pulasitiki pakona. Anakakoka. M'katimo munali malisiti anayi, achikasu ndi ukalamba, opindika ngati masamba a fodya. Inki inali itafooka koma inkawerengeka: K22,500, kanayi, dzina lake, ndi siginecha ya Silvester yokhala ngati nyerere yopondedwa.

Lufina anaimba nthungululu, koma anaidula pakati.

"Iyayi," anadziuza yekha. "Nthungululu pambuyo."

Anakhala pansi n'kuwerengera mokweza. Ngongole yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chimene anagwirizana poyamba inali K225,000. Kuchotsapo malisiti anayiwa, yotsala K135,000. Imeneyo ndiye inali yake, ndipo sankaikana. Anadyadi ndalama za eni ake, ngakhale kuti anadya ndi madzi a Bwanje. Mpamba wake unali K150,000. Zotsalazo zikwana basi yopita ndi yobwerera, akapanda kudya panjira.

"Mukapereka mpamba wonse, sabata ino mugula chiyani ku Tsangano?" anafunsa Julius.

"Sabata ino a chiwaya akazinge chinangwa."

"Nanga akakana? Akati foro handiredi fifite kapena palibe?"

"Ndikhala pabenchi yawo mpaka aweruke. Lachinayi andipezanso pomwepo. Ine ndinadikirapo lole masiku awiri pa mphambano ya Tsangano, mvula ikugwa. Iwo ali ndi denga."

Julius anapukusa mutu, koma pakamwa pake panali kumwetulira. Anatuluka, n'kubwera ndi chikwama chakuda cha paulendo, akuchikuntha fumbi.

Lufina anaika pansi penipeni malisiti, atawakulunga m'pulasitiki yatsopano. Mawa m'mawa adzayamba wawajambulitsa paboma, kuti enieniwo asachoke m'manja mwake. Pamwamba pake anaika lipoti la kubanki ndi chiphaso chake. Kenako chitenje chofunda, diresi ya buluu ya kutchalitchi, nsapato zosaphwanya zala, ndi magalasi owerengera a Julius.

"Amenewo ndi anga," anatero Julius.

"Mubwereka a aneba. Kalata imeneyo ndikaiwerenga liwu ndi liwu, mpaka pansi, ndi kuseri komwe. Liwu limene sindikulimva akandiuza m'Chichewa, ndipo ndikafunsa kuti m'mabuku a ndani."

Ndalama sanaziike m'chikwama. Anazigawa pawiri. K100,000 anaimanga pakona ya chitenje, yoyamba kuonetsa. K35,000 anaisokerera m'kathumba ka m'kati mwa siketi, yotuluka pokhapokha Maynard atatuluka thukuta.

Panja tambala analira, wofiira, mdzukulu wa nkhuku zina zimene anagula pambuyo pa chaka cha madzi chija. Julius anamuyang'ana, n'kuyang'ana mkazi wake.

"Tim'gwire? Mukawapatse a ku Blantyre akakukhululukirani?"

"Ameneyo asakhudzidwe. Adzafa tsiku limene chidindo chauma papepala, ndipo tidzadya ife."

Anakoka zipi ya chikwama, inakakamira pakati, anaikoka kachiwiri mpaka inatseka. Anachinyamula kuyesa kulemera kwake, n'kuchiika pafupi ndi chitseko, pamene sangachidumphe potuluka. Kenako anagwada, anachitsegulanso, n'kupisa dzanja mpaka pansi. Malisiti analipo, onse anayi.